Kodi Mapemphero Adzatha? Zimene Lundazi Anaona mu 1964

Lachisanu lina madzulo, pa pulogalamu ya achinyamata imene ndimathandizako pa wailesi yathu ya m'dera, tinkakambirana za kuchepa kwa anyamata m'makwaya. Anaimba foni mnyamata wina wa kuno kwathu amene tsopano amagwira ntchito ku Lusaka. Sanazungulire ayi. Anati: "Akulu, musadzivute. Pakapita zaka makumi awiri matchalitchi onsewa adzakhala mashopu ndi mabala, monga zikuchitikira ku Ulaya. Ife a foni m'manja sitinganamizidwenso." Atangodula, mayi wina wa ku Kapichila anaimba atapsa mtima, nati mwana ameneyo akufunika kumupempherera. Nthawi inatha tisanamvane.

Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba funso lija lili m'mutu. Ine si m'busa, komanso si mneneri, choncho za mawa sindingalosere. Chimene ndingathe ndi kucheuka. Boma lathu la Lundazi linaonapo mpingo ukufika, ukukula mpaka kuopsa mamishoni, kenako ukuphwanyidwa ndi mfuti, zonsezi m'zaka khumi zokha. Amene akufuna kudziwa ngati chipembedzo chidzatha, ayambe wamva nkhani imeneyi.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Azungu asanafike, makolo athu kuno, Atumbuka, Achewa ndi Angoni, ankadziwa kale Chiuta kapena Chauta. Mvula ikakana ankathira nsembe, matenda akavuta ankafunsa mizimu ya makolo, ndipo wodwala vimbuza ankamuimbira ng'oma usiku wonse. Kenako kunabwera amishoni a ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndipo mu 1902 Donald Fraser anakhazikika ku Embangweni, kungodumpha malire kuchokera kuno. Kuchokera kumeneko aphunzitsi ankayenda wapansi kulowa m'midzi ya mbali ino ndi ya ku chigwa cha Luangwa, mpaka kunatsegulidwa mishoni ya Chasefu. Akatolika nawo anadzamanga ku Lumezi ndi ku Kanyanga.

Amishoni ambiri a nthawi imeneyo anali ndi ulosi wawo. Ankayembekezera kuti sukulu ndi chipatala zikafika, ng'oma za vimbuza ndi gule zidzazilala zokha. Ulosi umenewu sunakwaniritsidwe. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika vimbuza ndi Gule Wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, ndipo mpaka lero tikamajambula mapulogalamu m'midzi timamva ng'omazo zikulira. Choncho mnyamata wa ku Lusaka uja si woyamba kunena kuti chikhulupiriro cha anthu a kuno chatsala pang'ono kufa.

Anthu analowadi m'mipingo ya mishoni, ndipo ambiri analowa ndi mtima wonse. Kumeneko kunali kuwerenga, kunali mankhwala, kunali njira yopezera ntchito ya ukalaliki kapena uphunzitsi. Koma panali funso limodzi limene mishoni sinkayankha: nanga ufiti? Mwana akamwalira mwadzidzidzi, m'mudzi monse munkadzaza mantha ndi kukayikirana. Mzungu wa ku mishoni ankati ufiti kulibe. Boma la atsamunda, kudzera m'lamulo la za ufiti la 1914, linaletsa mwavi ndipo linkalanga munthu wotchula mnzake mfiti. Lamulolo linapulumutsa nkhalamba zambiri zosalakwa, koma mantha aja anangotsala m'mitima opanda kokawatula. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape atabwera kuchokera ku Nyasaland ndi timagalasi tawo ndi mankhwala akumwa, midzi yathunthu inkafola mzere, ndi akhristu omwe, kukapereka nyanga ndi zithumwa.

Mpata womwewu ndi umene anadzalowapo Alice Lenshina Mulenga. Anali mayi wamba wa m'mudzi wa Kasomo ku Chinsali, wosapita patali ndi sukulu. Mu Seputembala 1953 anadwala kwambiri, ndipo atatsitsimuka ananena kuti anamwalira, nakumana ndi Yesu, amene anamubweza ndi ntchito yoti agwire. Anapita kukafotokoza zimenezi ku mishoni ya Lubwa, imene inalinso nthambi ya Livingstonia, ndipo m'busa Fergus Macpherson anamubatiza chaka chomwecho. Poyamba mishoni inamulandira. Koma anthu atayamba kukhamukira kwa iye, ndipo iye atayamba kubatiza yekha, anasiyana, ndipo pofika 1955 mpingo wake unali utaima pawokha. Unkatchedwa Lumpa, mawu a Chibemba otanthauza chinthu chopambana zina zonse.

Uthenga wake unali wosavuta kumva. Bweretsani nyanga ndi zithumwa zanu, lapani, batizidwani, ndipo mfiti sidzakukhudzani. Analetsa mowa, mitala ndi chokolo, zinthu zimene amayi ambiri ankavutika nazo mwakachetechete. Nyimbo zake zinali za m'chinenero cha anthu ndi m'mayimbidwe a kumudzi, zosavuta kuzigwira ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Ku Kasomo kunaunjikana milu ya zithumwa zimene anthu anataya. Ofufuza mbiri amati pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 otsatira ake anali pakati pa 50,000 ndi 150,000. Mu 1958 anatsegula tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Kasomo, chomangidwa ndi manja ndi ndalama za anthu osauka, popanda thandizo la kunja.

Lundazi anali amodzi mwa maboma amene mpingowu unazika mizu kwambiri kunja kwa Chinsali. Anthu ankayenda wapansi masiku ambiri, kudutsa chigwa cha Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga, kuti akabatizidwe ndi mayiyo. Ankabwerako ndi nyimbo za Chibemba pakamwa, namanga matchalitchi awo a udzu. M'malo ena mabenchi a ku mishoni anatsala opanda anthu. Taganizani m'busa wa ku Chasefu m'zaka zimenezo akuwerenga nkhosa zake Lamulungu m'mawa. Akanatha kunena kuti chipembedzo chikutha. Koma anthuwo ankapempherabe, mwinanso kuposa kale. Anali atangosamukira kumene ankaona kuti mantha awo akumvedwa.

Tsoka linabwera ndi ndale. Chipani cha UNIP chitakula, chinkafuna kuti munthu aliyense agule khadi ndi kulembetsa kuvota, poti ufulu unali pafupi ndipo aliyense wokana ankaoneka ngati wogulitsa dziko. A Lumpa ambiri anakana, ponena kuti ufumu wawo si wa pansi pano. Kunayamba kutukwanizana, kumenyana, kutenthelana matchalitchi, nyumba ndi nkhokwe. Kuyambira mu 1963 a Lumpa anayamba kuchoka m'midzi yawo ndi kumanga midzi yaokha yozingidwa ndi mipanda ya mitengo, osapempha chilolezo kwa mafumu. Pamenepo anali atadana ndi chipani, mafumu ndi boma nthawi imodzi. Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki David Kaunda wa ku Lubwa komweko, anali nduna yaikulu kuyambira mu Januwale 1964, ndipo analamula kuti midzi ya mipandayo ipasulidwe.

Kumapeto kwa Julayi 1964 nkhondo inabuka ku Chinsali pakati pa a Lumpa ndi apolisi ndi asilikali. Patangopita masiku ochepa inafika kuno. Usiku wothera pa 3 Ogasiti, gulu la a Lumpa ochokera ku mudzi wawo wa Chipoma linalowa m'boma la Lundazi ndi mikondo ndi nkhwangwa, linalanda polisi ndi kutenga mfuti, linapha anthu m'tauni ndi m'midzi ina yoyandikana. Tsiku lomwelo boma linaletsa mpingowo. Asilikali anafika ku Chipoma ndi mfuti zamakono, ndipo anthu ambiri anafera pomwepo. Patapita masiku ochepa, m'mudzi wa Paishuko, umene panthawiyo unali m'boma la Lundazi, a Lumpa oposa makumi anayi, kuphatikizapo amayi ndi ana, anaphedwa mwankhanza ndi anansi awo pobwezera. Magazi anakhetsedwa mbali zonse ziwiri, ndipo palibe mbali imene ingasambe m'manja.

Agogo anga aakazi anali mtsikana nthawi imeneyo. Sankakonda kuikamba nkhaniyi. Ukawakakamiza ankangonena kuti mbiri itafika m'mudzi anathawira kuthengo, nagona kumeneko mausiku angapo, amayi atagwira ana pakamwa kuti asalire. Kenako ankawonjezera kuti mbali zonse ziwiri kunali anthu amene ankawadziwa, ena anatungira nawo madzi pachitsime chimodzi. Akafika pamenepo ankasintha nkhani.

Lenshina anadzipereka ku boma pa 11 Ogasiti 1964. Chiwerengero cha boma chinati anthu oposa 700 anafa pa nkhondoyo, ndipo ofufuza ena amati anapitirira 1,000. Masauzande anathawira ku Congo, ena anafa ndi njala m'tchire. Pa 24 Okutobala dziko linakweza mbendera ya ufulu maliro ena asanaphwe. Lenshina sanazengedwe mlandu m'khoti. Anasungidwa m'ndende zaka zoposa khumi, mu 1975 anamuika pa ukaidi wa panyumba ku Lusaka, ndipo anamwalira pa 7 Disembala 1978. Anaikidwa ku Kasomo, pamalo pamene panali tchalitchi chake chija.

Tsopano funsani: mpingo waukulu chotero utaphwanyidwa, kodi anthu a ku Lundazi anasiya kukhulupirira? Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Ena anabwerera ku mishoni, ndipo mpingo wa ku Chasefu uja unakula mpaka mu 1984 pamene CCAP inakhazikitsa Sinodi ya Zambia, mwambo wake kuchitikira kuno ku Lundazi. Ena analowa Chikatolika, ena Mboni za Yehova, ena mipingo ya Apostoli ndi ya Ziyoni. Otsala a Lumpa anapitiriza kupemphera mobisa, ndipo pambuyo pake anatulukira ndi mayina atsopano. Funso lija la ufiti ndi matenda silinachoke. Linatulukiranso ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970, pamene Emmanuel Milingo, mwana wa kuno kum'mawa amene anali bishopu wamkulu wa Katolika, anayamba kupempherera odwala ndi kutulutsa mizimu yoipa, anthu nakhamukira kwa iye mpaka akuluakulu ake anamusamutsira ku Rome. Lero funso lomwelo likuyankhidwa ndi mipingo ya Pentekosite m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, komanso ndi aneneri a pa Facebook ndi TikTok. Mnyamata amene sanaponde m'tchalitchi chaka chathunthu amalemba "Amen" pansi pa vidiyo ya mneneri usiku wa manja, chifukwa mawa ali ndi intavyu ya ntchito.

Ziwerengero nazo zikuvomereza. Bungwe lofufuza la Pew Research Center linapeza kuti mu 1910 akhristu anali pafupifupi 9 pa anthu 100 alionse kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo pofika 2010 anali 63 pa 100. Kalembera wa Zambia wa 2010 anapeza kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse ankadzitcha akhristu. Pa 29 Disembala 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. Zaka za sukulu, wailesi ndi foni zakhala zaka zomwezo zimene matchalitchi achuluka.

Komabe mnyamata uja sananame pa za ku Ulaya, ndipo chitsanzo chowawa ndi Scotland yemweyo amene anatitumizira amishoni. M'zaka za m'ma 1950 mpingo wa Church of Scotland unali ndi mamembala oposa 1,300,000. Lero sakwana 300,000, ndipo mpingowo ukugulitsa matchalitchi ake ambiri. Pa kalembera wa 2022, anthu 51 pa 100 alionse ku Scotland ananena kuti alibe chipembedzo. Zidzukulu za anthu amene ankasonkha makobidi kuti ku Embangweni ndi ku Chasefu kumangidwe sukulu, zambiri sizidziwa n'komwe kuti malo amenewa alipo. Choncho chipembedzo chimatha kuchepadi, ndipo chimatha kuchepa m'mibadwo iwiri yokha.

Chinachitika n'chiyani kumeneko? Akatswiri amatchula zifukwa zingapo, koma chimodzi chimamveka bwino kwa munthu wa ku Kapichila. Ntchito zimene mpingo unkagwira zinatengedwa ndi ena. Sukulu zinapita m'manja mwa boma. Mu 1948 dziko la Britain linayambitsa chithandizo cha chipatala chaulere kwa aliyense. Wokalamba ali ndi penshoni, wopanda ntchito amalandira kangachepe, maliro amayendetsedwa ndi kampani. Munthu amatha kubadwa, kudwala, kukalamba ndi kuikidwa m'manda osagogoda pa khomo la m'busa. Makolo atasiya kupita kutchalitchi ana anakula osazolowera, ndipo zidzukulu zinakula zosadziwa ngakhale nyimbo imodzi.

Yerekezani ndi kwathu. Maliro akagwa m'mudzi, amene amafika poyamba ndi amayi a Umanyano kapena a mphakati, mayunifolomu ali m'thupi, ufa ndi nkhuni zili pamutu. Amene amagona pa siwa akuimba mpaka tambala ndi kwaya. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, amene amasinthana kumupititsira chakudya ndi a mumpingo. Inu a ku Lusaka ndi ku Chipata mukudziwa kuti mutafika m'tauni koyamba, chipinda cha lendi kapena kaganyu koyamba ambiri munakapeza kudzera mwa munthu amene munakumana naye kutchalitchi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno amene amabwera kudzasenza nawe nthawi zambiri ndi a mpingo. Malinga ngati mvula ikulamulira ngati tidye kapena tigone ndi njala, malinga ngati chipatala chili kutali ndipo mankhwala ndi osowa, anthu adzafuna Mulungu komanso gulu la anthu oti awagwire dzanja.

Sindikunena kuti anthu amapemphera chifukwa cha umphawi wokha. Ndikudziwa anthu ophunzira, a ndalama zawo, amene chikhulupiriro chawo n'chozama kuposa changa. Ngakhale ku Scotland alipobe opemphera, ndipo funso la imfa silithetsedwa ndi penshoni. Ndikungonena kuti kuchuluka kwa anthu pa mabenchi kumayenda limodzi ndi zimene mpingo umachita pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Yankho langa kwa mnyamata uja ndi ili. M'zaka makumi awiri zikubwerazi sindikuona chipembedzo chikutha ku Lundazi kapena ku Lusaka. Chimene ndikuona ndi chimene agogo athu anaona: anthu akusamuka. Mipingo ina imene lero ikuoneka yosagwedezeka idzatsala ndi nkhalamba zokhazokha ngati ipitiriza kuyankha mafunso amene achinyamata sakufunsa, n'kumakhala chete pa za ulova, nkhawa, mowa, njuga za pa foni ndi nkhanza za m'banja. Ina imene lero ikusonkhana pansi pa mtengo idzamanga nyumba zazikulu. Ndipo kagulu ka anthu onena poyera kuti sakhulupirira chilichonse kadzakula, makamaka m'matauni. Amenewo ndi ana athu ndi abale athu, ndipo m'dziko lodzitcha lachikhristu tidzayesedwa ndi mmene tidzakhalire nawo.

Apa m'pamene 1964 ikutichenjeza. Anthu a ku Chipoma ndi a ku Paishuko anafa chifukwa mbali ziwiri zinasiya kuonana ngati anthu. Chipani chinati wopanda khadi ndi mdani. Mpingo unati wa kunja kwa mpanda ndi wa Satana. Zonse ziwirizi zikhoza kubweranso ndi nkhope zina. Mukaona wandale akugawa ndalama pa guwa nthawi ya kampeni, kumbukirani kuti ubwenzi wa mpingo ndi chipani umatha kusanduka chidani tsiku limodzi. Mukaona mtsogoleri wa mapemphero akuuza anthu kuti asiyane ndi abale awo, ataye mankhwala a kuchipatala, kapena aloze chala agogo awo kuti ndi mfiti, dziwani kuti mpanda wayamba kumangidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo ngati pali chimene chingachotse achinyamata m'matchalitchi msanga kuposa foni, ndi zinthu zoterezi, chifukwa mwana amene anaona mayi ake akugulitsa mbuzi yomaliza kuti agule mafuta odzozedwa saiwala.

Mayi wa ku Kapichila uja ndi mnyamata wa ku Lusaka ndawaitana kuti adzaimbenso pa pulogalamu ya mwezi wamawa, ndipo nthawi ino aliyense adzamve mnzake mpaka amalize. Inu amene mukuwerenga, ndili ndi pempho limodzi. Anthu amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu mu 1964 lero apitirira zaka 70, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Mukabwera kumudzi pa Khirisimasi, khalani pansi ndi agogo, muwafunse kumene anali usiku wa pa 3 Ogasiti, kumene ankapemphera nkhondoyo isanabwere, ndi kumene anakapemphera itatha. Akalola, jambulani mawu awo pa foni yanu yomweyo. Mukafuna kuti ena amve nawo, tibweretsereni ku wailesi.